Zitini Ziwiri

Tinali asanu ndi mmodzi. Wamkulu mwa ife anali Tuhin,
ndevu zitatu zokha pachibwano,
ndipo katundu wathu yense ankakwana panjinga imodzi:
timabotolo, timapepala toyezera,
zitini ziwiri za penti,
wofiira ndi wobiriwira.

Ndalama zake tinasonkhetsa pachipata cha koleji ku Chandpur,
taka imodziimodzi, m'bokosi la nsapato.
Moyna anagulitsa ndolo zake osawauza mayi ake.

Lamulo lake ndi lalifupi.
Pukusa mjigo mpaka madzi azizire m'manja.
Tunga. Thira mankhwala. Tseka. Dikira mphindi makumi awiri.
Kapepala kakakhala koyera, paka wobiriwira, anthu amwe.
Kakada ngati tiyi, paka wofiira pakamwa pa mjigo
ndipo mwini wake usamuyang'ane kumaso.

Aseniki alibe fungo, alibe mtundu.
Madzi ake ndi oyera mbee, okoma kuposa a padziwe,
n'chifukwa chake a Jobeda anatipirikitsa ndi tsache:
ana obadwa dzulodzuloli inu,
mukudziwa chiyani za madzi?
Anatilola tsiku lachitatu, atapinda manja pachifuwa.

Mijigo makumi anayi ndi iwiri m'masabata atatu.
Penti wofiira anatha, tinagulanso.
Wobiriwira anachita kakhungu pamwamba
ngati mkaka wowiritsa woiwalika pamoto.

Wotsatira unali wa kwathu.

Bambo anaukumbitsa chaka chimene ndinabadwa,
atagulitsa ng'ombe, kuti ine ndisamwe za padziwe
zimene zinatenga mkulu wanga asanamere mano.
Simenti isanaume analembapo ndi msomali:
Shiuli.
Anthu ankachokera kutsidya kwa minda ya mpunga kudzatunga,
bambo osalipiritsa ngakhale mmodzi.

Tuhin anati, bwera ndiyeze ine. Ndinakana.
Ndinapukusa ndekha, chogwirira chikulira kwee, kwee,
kulira komwe kunkandidzutsa kuyambira ndili wakhanda.
Bambo anakhala pakhonde, manja pamaondo,
zikhatho zija za timadontho takuda,
tolimba ngati mpunga wosapuntha,
timene pakhomo ponse tinkati n'ta khasu.

Mphindi makumi awiri.
Bakha anadutsa ndi ana ake.
Kumzikiti wina ankayesa chimkuzamawu, fuu, fuu.
Sindinapemphere. Ndinawerenga njerwa za pakhoma.

Kapepala kanada.

Palibe amene anatsokomola n'komwe.
Moyna anayang'ana zala zake za kumapazi.
Burashi inandilemera ngati munsi.
Kenaka bambo anadzuka, natsika masitepe awiri aja,
nandilanda burashiyo.
Ndinati aiponya m'dziwe.
Anaiviika.
Anapaka okha, pang'onopang'ono,
momwe ankasambitsira ng'ombe ija,
osasiya mpata, kuzungulira pakamwa ponse,
penti akudonthera padzina langa.
Atamaliza anafunsa Tuhin, osati ine:
nanga mawa timwa kuti?

Funso limenelo linalibe chitini chake.

Pano tikumanga thanki kuseri kwa sukulu
yoti izimwa mvula yotsika pamalata.
Njerwa zakwana theka. Mchenga tinapempha.
Bokosi la nsapato layambanso kuyenda,
lang'ambika pakona, talimata ndi selotepi.

Podikira, m'mamawa uliwonse
ndimakhazika mtsuko wachitsulo m'chiuno
ulendo kwa a Jobeda a tsache aja,
poti mjigo wawo ndiwo unatuluka wobiriwira.
Sandipatsa moni.
Amangosendeza ndowa yawo ndi phazi kuti ndiikepo wanga.
Dzulo anandifunsa, akuyang'ana kwina,
ngati manja a bambo akusintha.

Wathu uja timangochapira zovala.
Usiku wina ndinamva chitseko,
ndinasuzumira: bambo ali chilili pamenepo,
dzanja pachogwirira, osapukusa.

Mitambo yayamba kuunjikana kumwera, cha kunyanja.
Tuhin akuti tatsala ndi masabata anayi, mwina atatu.
Ine ndikadawerengabe njerwa,
koma tsopano ndi zimene zatsala.