Imwa Lisanaodire

Ndatuluka m'damu la esiteti makutu akulira,
zala zitakwinyika ngati chinangwa chonyika.
Madzi onse aja, ine osamwa ndi dontho lomwe
kupatula amene anandilowa m'mphuno pokhota.
Tsopano njinga. Makilomita nainte.
Ndikatsika, miyendo yomweyi ithamangenso.

Pa handulo pali pulasitala wa ku Mishoni.
Felesiya analembapo ndi bolopeni usiku wathawu
atabwera kuntchito, yunifolomu asanavule:
imwa lisanaodire.
Akuti ludzu ndi mlendo wopanda mwambo,
ukamumva kukhosi ndiye kuti walowa kale,
wakhala pampando, nsapato wavula.

Choncho ndikumwa pa Chitakale ndisakufuna.
Makwiti awiri. Mphindi khumi ndi zisanu zikatha, enanso awiri.
Botolo loyera ndi madzi chabe.
Lobiriwira muli tiyi wozizira, shuga, mchere wotsina ndi zala zitatu,
kukoma kwake ngati misozi ya munthu wolemera.
M'thumba lakumsana nthochi zinayi za kwa Bvumbwe,
mbatata yophika yoduladula m'kajumbo,
zafunda kale ndi thupi langa.

Kudya uli pa liwiro si kudya.
Kusenda ndi mano, kumeza mpweya uli pakati,
mimba ikufunsa kuti kodi tasamba m'manja?
Pang'ono pang'ono, osadikira njala.
Chaka chatha ndinadikira.
Ndinaona phiri la Chambe likugawika pawiri,
ndinakhala m'ngalande, ana akundikupiza ndi makatoni.

Pa Chonde pali mahampu atatu.
Lachitatu landilanda botolo lobiriwira.
Ndalimva likugubuduzika kumbuyo,
minibasi n'kuliponda, phwa!
Mchere wanga wonse wamwa ndi phula.

Dzuwa lakwera. Chiperoni lero wakana.
Minda ya tiyi yangoti mbee kubiriwira,
tiyi yekhayekha mpaka kumalire a maso
koma wothira m'kapu palibe.
Thukuta lauma pamalaya, lajambula mapu oyera,
maboma onse a kummwera alipo.
Katumba wakumanzere wayamba kulankhula,
kaye monong'ona, ngati wangongole pamaliro.

Ndiye pamtunda paja tisanafike pa mlatho,
pamene njinga imayenda ngati ikuganiza,
mayi wa chitenje cha nsomba wandiona nkhope.
Wasiya chidebe, akuthamanga pambali panga,
botolo la thobwa m'manja, mame ali chuchuchu.
Imwani achimwene, simulipira.

Lamulo la mpikisano likuti ayi.
Cholandira m'njira chimakuchotsa pamndandanda.
Ndikanamufotokozera bwanji, mpweya wake uti?
Ine amene mayi anga anandikwapula
chifukwa chokana chikho cha madzi kwa eni,
ndapukusa mutu.
Iye waima. Sindinacheuke.
Thobwa uja ndamumva kukhosi makilomita asanu ndi awiri.

Madzi oyera otsala ndawagawa ngati ndiwo za pa mwezi wakufa.
Ndanyambita mkono, mchere wanga womwe,
kubweza pang'ono zimene ndinabwereketsa mphepo.
Nthochi yachitatu, yofewa ngati phala.
Giya yopepuka. Katumba, dikira, tikambirana.

Pa Luchenza tebulo la mpikisano,
anyamata a sikawuti atatambasula manja.
Ndagwira botolo loyamba, lachiwiri landiphonya,
lachitatu ndalikumbatira pachifuwa.
Mtima ukuti gugudiza lonse.
Pulasitala, inki itasungunuka, akuti ayi:
makwiti awiri. Dikira. Enanso awiri.
Mimba yodzadza madzi imakhutchumuka pothamanga.

Pobwerera phiri lili limodzi, silinagawike.
Sapitwa wavala kamtambo kake.
Mbatata yomaliza ndadya kutatsala theka la ola
kuti ikafike kumiyendo ine ndisanafikeko.
Ndikutsika. Pansi pakuyenda pokha.
Nsapato zothamangira zikundidikira padzuwa, pakamwa yasa.

Lolemba ndidzapalasanso mpaka pamtunda paja,
wopanda nambala pamsana.
Ndidzafunsa za mayi wa chitenje cha nsomba.
Ndidzaima, mapazi onse awiri pansi,
ndi kulandira ndi manja awiri.