Lachinayi ku Potosí

Lachinayi lililonse ndimanyamula Ambuye
m'kabokosi kamkuwa kosaposa chivindikiro cha botolo.
Ndimakapachika m'khosi, pansi pa majuzi awiri,
poti mphepo ya ku Potosí ilibe ulemu.

Bambo mfumu anati: Fortunata, panjira usacheze.
Ndiye amayi ogulitsa mbatata zouma
ndimangowagwedezera mutu,
ngati munthu wosunga madzi m'kamwa.

Kwa Hilarión Ticona n'kumtunda,
masitepe makumi asanu ndi anayi;
ndinawawerenga chaka chimene mawondo anayamba kudandaula.
Zaka makumi atatu iye anakumba siliva m'phiri lofiira lija,
phirilo nalo linkamukumba m'chifuwa.
Akamapuma umamva macheka.

Patebulo kansalu koyera, kandulo,
chisoti chamumgodi chong'aluka pamphumi.
Asanatsegule pakamwa amayamba waitana mayina
ngati kapitawo pakhomo la mgodi:
Evaristo.
Sabino, kamnyamata kamluzu kaja.
Leocadia, mkazi wanga.
Barbara Woyera, mtetezi wa okumba.
Ndi awiri amene phiri silinawabweze mpaka lero.

Tsiku lina ndinamudzudzula:
Bwanji mumawadikiritsa Ambuye?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Kunsi kuja, anati, munthu sankadya yekha.
Buledi mmodzi ankayenda m'manja khumi mumdima,
osadziwa kuti dzanja lakupatsa n'layani.
Ndidye bwanji anzanga asanakhale pansi?

Thupi la Kristu.
Ameni wake, theka mawu, theka chifuwa.
Kamkate kopepuka ngati mpweya
kankasungunuka palilime lozolowera fumbi,
ndipo kachipinda ka anthu awiri kankathina.
Ndinkapezeka ndasendera kukhoma,
osadziwa amene ndikumupatsa malo.

Lero mwana wake wandichingamira
pasitepe ya makumi anayi, maso ofiira.
Apita usiku, watero, cha m'ma thili.

Ndaima pomwepo, dzanja pachifuwa.
Amene ndanyamula mobisa m'mkuwa
Hilarión akumuona kale maso ndi maso.
Ndine ndatsala m'njira, ndi mawondo angawa.

Kumunsi kuli Mayi Remigia, osaona,
akudikira mkate womwewu.
Ndatembenuka, ndikutsika pang'onopang'ono,
ndipo lamulo la bambo mfumu ndaliphwanya:
Evaristo, Sabino, Leocadia,
Barbara Woyera, awiri a m'phiri,
Hilarión.
Masitepe ndi opapatiza.
Ndikuyenda cham'mbali.