Mpweya wa pa Nchalo

Pa Nchalo dzuwa silituluka, limachita kugwa pamutu.
Isanakwane naini phula layamba kale kumata nsapato,
mathilaki a nzimbe andanda kukhomo kwa a Fatchi,
lililonse ndi tayala lake lodwala.

Ine ntchito yanga ndi mfuti ya manati.
Kuseri kwa shedi kompuresa imameza mpweya wa chigwa chonse,
wa fungo la nzimbe zopsa, wa fumbi la ng'ombe za ku Ngabu,
nkuuthithikiza m'thanki yofiira
mpaka singano ya geji iyambe kunjenjemera.
Ndikakhudza kachala, trrrr!
nati yomwe inakanika amuna atatu ndi chitsulo chotalika
imagwa m'dzanja langa, yofunda ngati dzira.

Lachiwiri lija inangoti fwee, osazungulira.
Dalaivala, Zuze, anatukwana m'Chisena nkukagona pansi pa bwemba.
A Fatchi anati, Esinta, tsegula, uone wekha.

Ndinayala chiguduli, ndinamasula.
Ndinkayesa ndipeza zodabwitsa.
Ndinapeza kachitsulo kobulungira, kochepa kuposa chitsononkho,
kali ndi timipata tisanu ndi kamodzi,
m'kampata kalikonse kaphiko kopyapyala ngati mamba a mlamba wouma,
ndi matope a chigumula cha chaka chatha
atauma gwa m'makona.

Koma taona, anatero, akuloza ndi chikhadabo chakuda,
sikakhala pakati.
Anakakhazika mopendekera dala.
Uku nkothina, uko nkotakasuka.
Mpweya umalowera kothinaku, utafinyidwa, utakwiya,
ndiye pofuna malo oti udziwongole
umakankha phiko, phiko likankha linzake,
basi chitsulo chizungulira.
Mulibe moto umu, mulibe petulo.
Ndi mpweya chabe wofuna kutuluka.

Ndinatsuka ndi parafini, ndinadontheza oyilo katatu.
Italira, Zuze anadzuka osayitanidwa.

Chimene a Fatchi sanandiuze ndinachipeza ndekha:
mpweya ukamaliza ntchito umatuluka wozizira.
Masana a Okutobala, mbuzi zitabisala pansi pa ngolo,
ndimalozetsa kabowo kake pakhosi panga
ndi kumva June wa ku Thyolo, kumtunda uko,
kumene sindinafikeko.

Tsono usiku, pamkeka panja, udzudzu ukuimba za m'dambo la Njovu,
ndimawerenga: Ogasiti, Sepitembala, uno ndi wachitatu
a Fatchi akungoti mawa, kampani sinalipire.
Amayi akudikira ya malata ku Bereu.
Mawu ndawameza, ndawameza,
ali m'chifuwa umu, singano ikukwera.

Thanki ili ndi kavavu kake pamwamba,
ikadzadza imadzitsitsimula yokha, psss, nkhuku nkubalalika.
Ine kanga kali pati?

M'mawa ndinafika iwo asanabwere.
Ndinakhetsa madzi a dzimbiri pansi pa thanki,
ndinapukuta payipi, ndinayatsa.
Atatsika panjinga ndinati, Bwana, tisanayambe.
Mawu anatuluka ozizira bwino, osanjenjemera,
ine ndemwe ndinadabwa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.
Kumsewu thilaki ina inali itaima kale,
ikuliza hutala,
tayala lakumbuyo litakhala pansi ngati nkhalamba yotopa.