Zimitsa Getsilo

Bambo anga salowa m'nyumba ndi moni,
amalowa ndi funso:
"Ndani wasiya getsi ili likuyaka?
Kodi ndili ndi m'bale ku Escom?"

Pampando wawo sakhalapo wina.
Wailesi ikulira, iwo ali mkonono,
koma ungoyesa kuikhudza:
"Siya! Ndikumvera nkhani."

Pansi pa bedi pali chitini cha misomali yopindika,
makiyi a zitseko zimene chiswe chinadya kalekale,
malisiti a madzi a chaka chimene ndinabadwa.
"Tsiku lina tidzazifuna."

Kusukulu ankakhala nambala wani.
A Kaliwo oyandikana nafe nawonso ankakhala nambala wani,
kalasi yomweyo, ku Chilomoni komweko.
Mtunda umene ankayenda opanda nsapato
umatalika chaka ndi chaka;
Khirisimasi yapitayi unafika ku Lunzu.

Makondakitala a ku Limbe amawadziwa:
chenji yawo sigona m'thumba la wina.
"Ngongole ndi nsabwe, mwanawe, imaswana usiku.
Mnzako wa ku mowa sadzanyamula bokosi lako.
Nsapato uzipukuta, anthu amayamba kuona pansi."

Pa foni satha mphindi:
"Uli bwino? Mvula ikugwa uko? Amayi ako awa."

Tsiku limene ndinkakwera basi pa Wenela
malangizo onse anawathawa.
Anangogogoda tayala ndi phazi,
kumuyang'ana dalaivala ngati wakuba,
kenaka kundifumbatitsa ndalama zopindapinda, zofunda,
maso ali kuphiri la Ndirande.
"Usakawauze amayi ako."