Nkhafi Yanga pa Lamulungu

Masiku asanu ndi limodzi Shire ndimamuolotsa ndi mtengo wake:
munthu mtengo wake, njinga mtengo wake,
mbuzi yomangidwa miyendo timayamba takangana.
Lamulungu kathumba ka ndalama kamatsala pa msomali.

Rozaria amandiyang'ana ndikutuluka mbandakucha.
Akuti, kupumula kwake ndi kuti pamenepa,
msana womwewo, nkhafi yomweyo,
matuza omwe aja m'manja?
Sindimuyankha.
Ndimakatsuka bwato, kukokolola mamba a mphende,
makoko a nzimbe, matope a dzulo,
chifukwa lero mukhala nsalu zoyera.

Tchalitchi chathu chinapita ndi madzi chaka chija.
Panatsala masitepe atatu okwera kopanda khomo.
Tsopano Misa ili kutsidya, cha ku Bangula,
ndipo pakati pa ife ndi guwa pali ng'ona.

Amayamba kufika mayi Esinta, nsapato pamutu,
kolona atakulunga pamkono.
Kenako ana a kwaya, phokoso ngati mpheta m'mapira.
Pomaliza Zuze wosaona uja, wogwira phewa la mdzukulu.
Iye amawerenga nkhafi zanga ngati mikanda,
akafika khumi amayambiranso,
ndipo amadziwa tafika ine ndisananene.

Lero padoko panaima wamalonda ndi matumba a mbatata.
Ndikupatsa kawiri, anatero. Katatu.
Pakamwa panakana msanga,
koma mtima unatsalira pagombe kuwerengera,
poti mchere kunyumba watha Lachisanu
ndipo Alufandika akudikira yunifolomu.
Ndinapalasa osacheuka. Madzi analemera.

Tsiku lina ndinafunsa Bambo Mfumu ali m'bwato momwemu:
kodi thukuta la Lamulungu ndi tchimo?
Anapukuta lawo ndi kampango,
nayang'ana madzi akulowa pa chigamba,
nati, Iwe kapa madziwo, tikambirana tikafika.
Mpaka lero sitinakambirane.

M'tchalitchi ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera,
kumene kamphepo kamabera malata kutentha.
Ndisaname, ulaliki ukatalika ndimawodzera.
Koma belu laling'ono likalira
ndimadzuka, ndimagwada,
ndimatambasula manja ong'ambikawa
ndi kulandira chimene sindinalipire.
Ine wolipiritsa anthu sabata yonse.

Masana ndikawabweza onse kwawo
ndimakokera bwato pamchenga, ndi kulivundikira.
Nkhafi ndimaigoneka pansi pa nimu, nanenso pambali pake.
Mtsinje ukupitabe wokha, sunandifunse.
Kutsidya wina akukuwa dzina langa,
mawu ake akufika atatopa.

Rozaria amabwera ndi munga wa mthethe,
amakhala pansi, amatenga dzanja langa,
amaboola thuza limodzi, kenako lina,
osanena kanthu za mchere.