Mashoko Achikasu

Mayi Nankhonya anafika chiperoni chisanachoke paphiri la Ndirande,
galimoto yawo itawerama ngati wodwala msana.
"Dzulo pa Chirimba asweka mazira makumi anayi ndi awiri.
Ndinawerenga ndekha.
Ndilibe nkhuku yoikira msewu."

M'katoni munali mashoko anayi,
achikasu ngati mkati mwa dzira lomwelo,
ochokera ku Joni, mlamu wawo anatumiza pa basi,
a gasi, olimba, opangidwira misewu
imene ife timangoiona pa kalendala ya ogulitsa oyilo.

A Namacha, abwana anga, anatola limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza.
"Awa ndi a anyamata a liwiro, mayi. Sakhululuka.
Mwala uliwonse adzakuuzani dzina lake."
"Nanga akalewo amandiuza chiyani?
Amangogwada."

Ndinaika jeki, ndinaikanso chitsa cha mango kunsi
poti jeki wathu ndi wabodza, analonjezapo n'kukhala pansi.
Tayala linachoka. Kuseri kwake
dothi lofiira la zaka zisanu,
ndi oyilo wa shoko lakale akutsika ngati mamina a mwana.

Mabawuti awiri apansi anakana.
Ndinawathira mafuta a mabuleki, ndinawanyengerera,
ndinawatukwana chamumtima,
kenaka paipi kusipanala, n'kuponda ndi thupi lonse.
Kwee! Anavomera,
dzimbiri lili waa m'maso mwanga.

Tsopano sipuling'i.
Apa a Namacha saseka, ndipo kuseka kumene kumawavuta:
mano awiri akutsogolo anawasiya ku Ginale
chaka chimene ine ndinkabadwa,
sipuling'i itawapulumuka.
Makina opanira tilibe.
Tili ndi zitsulo ziwiri zamazinga zimene anawotcherera okha,
umamanga uku pang'ono, uko pang'ono,
nkhope utaipatutsa
ngati ukudutsa pafupi ndi galu wa eni ali m'tulo.
Chitsulo chimabuula. Sumachimva ndi khutu, umachimva m'zala.
"Yohane," anatero osandiyang'ana,
"chinthu chimene chasenza katundu moyo wake wonse
usamachimasule mwadzidzidzi."

Shoko lakale ndinalikanikiza ndi dzanja limodzi,
linalowa, osabwereranso.
Latsopano ndinalitsamira ndi chifuwa.
Linandikankha.

Manati atatu pansi pa boneti,
awiri aja apansi, paipi ya buleki m'malo mwake.
Dzuwa linagwera kuseri kwa Michiru tili pa lachinayi,
magetsi atapita kale kwawo.
Tinamalizira tochi ya foni,
mayi omwewo atagwira, atanjuta m'fumbi ndi chitenje chawo chabwino,
akufunsa dzina la chilichonse.
Titatsitsa jeki galimoto sinatsike naye.
Inangoima, njo,
ngati mwana wasukulu amene amutchula dzina.

M'mawa mwake ananditenga ku Lunzu.
Mathileyi makumi atatu kumbuyo, zofunda zakale pakati.
A Namacha sananame:
msewu unayankhula njira yonse,
chigamba chilichonse cha phula, kamwala kalikonse,
ndinazimva m'mano.
Koma pa Chirimba paja,
pa dzenje limene minibasi zimalizemba ngati ngongole,
tayala linalowa, linatuluka,
galimoto inagwedeza mutu kamodzi kokha
n'kupitiriza nkhani yake.

Ku Limbe sanalankhule.
Anatsitsa thileyi imodziimodzi, milomo ikuwerenga,
chala chikuyenda m'mizere ngati akusaka vesi.
Ine ndili chiimire ndi girizi wadzulo m'zikhadabo.

"Atatu."
Anawakweza padzuwa, ming'alu yopyapyala ngati tsitsi.
"Atatuwa si a msewu. Ndi buleki yanga ija pa Kameza."
Anandiikira m'chipewa.
"Kakazinge. Limodzi upatse abwana akowo,
n'lofewa, silifuna mano."

Ndinakwera minibasi ya ku Ndirande,
mashoko ake anafa kalekale,
chipewa chili m'manja awiri, zigongono m'mwamba,
pa dzenje lililonse mikono yanga ikutsika, ikukwera,
ikutsika,
mpaka pagalaja.