Dzimbiri la Bambo

Inawira pa kona yachitatu ya msewu wa Ku Chawe,
singano ya geji itagona pofiira.
Nthunzi inafwamphuka m'boneti,
ana ogulitsa zipatso m'mbale anabalalika
kenaka n'kubwerera kudzandiseka.

Ku Chinamwali, kuseri kwa chigayo,
Che Matipwiri sanadzuke pa tayala pomwe anakhala.
"Isiye izizire, mwanawe.
Wotsegula chitsekero injini ikadali moto
amakagona kuchipatala nkhope ili matuza okhaokha."
Tinadikira. Ndinadya chinangwa chootcha,
iwo akutokosa m'mano ndi kachiwaya.

Atamasula kapulagi ka pansi pa rediyeta
madzi anatsika m'beseni ali psuu,
ngati Likangala mu Januwale,
timiyala ta dzimbiri tikulira pa chitsulo.
"Ankathiramo chiyani mkulu uja?"

Yankho ndinali nalo, koma ndinalimeza:
a pa mpope wa ku Sadzi,
a m'chithaphwi pa msewu wa ku Jali,
a mumtsinje wa Domasi tsiku la maliro a azakhali,
ine nditagwira chigubu cha mafuta ophikira,
matope mpaka m'mawondo.
Bambo ankati madzi ndi madzi basi,
obiriwira a m'sitolo ndi a mabwana.

Tinathira oyera, n'kuliza injini hita ili yotsegula,
kuzimitsa, kudikira, kukhetsa.
Ulendo wachiwiri anatuluka ngati thobwa.
Wachitatu, tiyi wa pamaliro woumira masamba.
Wachinayi ndinatopa, ndinati zakwana,
iwo anangondiyang'ana n'kundipatsa ndowa.
Pofika wachisanu dzuwa litapendeka
ndinaona pansi pa beseni.

Ndiye mapaipi.
Ya pamwamba inali itatupa,
yofewa ngati nthochi yoiwalika m'thumba.
Ya pansi inali gwa, ming'alu ngati chidendene cha mu Okutobala.
Ndinagona chagada pa katoni, tochi kukamwa,
ndipo apo, pomwe paipi imakumana ndi injini,
ndinaiona mfundo:
mphira ya chubu cha njinga yokulungidwa kasanu ndi kawiri,
waya pamwamba pake, wopotedwa chammbuyo.
Bambo anali amanzere.

Zaka zitatu ali m'manda ku Thondwe
dzanja lawo likugwirabe madzi anga.

Che Matipwiri anasuzumira, anakhala chete,
kenaka anandiponyera mpeni pachifuwa.
"Dula wekha. Ine sindikhudza."

Ndinadula.
Mphira inamasuka pang'onopang'ono
ngati munthu wotambasula zala ali m'tulo.

Mapaipi atsopano ndinagula pafupi ndi depoti,
mtengo wake theka la thumba la chimanga.
Ananunkha sitolo. Anakana kulowa
mpaka titanyowetsa milomo yake.
"Kilampu usamange ngati ukulanga wakuba,
ingagwire, koma isalume."
Tinasakaniza obiriwira aja ndi madzi, theka ndi theka,
ine ndikumva Bambo akutsonya kumbuyo kwa khutu langa.

Injini ikulira, chitsekero chili pambali,
ndinafinya paipi ngati wokama ng'ombe.
Thovu linakwera, phu, phu, limodzi limodzi,
mpweya wobisala ukutuluka m'nyumba ya eni.
Madzi anatsika, tinaonjeza.
Fani inadzuka yokha, inazungulira, inagonanso.

Akuda aja anawatsanulira m'chigubu n'kutseka.
"Sititaya pansi muno. Obiriwirawo amatsekemera,
galu wanga woyamba anapita nawo."

M'mawa mwake ndinakweranso phiri,
anthu anayi kumbuyo ndi matumba a mbatata.
Kona yoyamba, yachiwiri.
Pa yachitatu ana aja anaimirira kudikira nthunzi.
Singano inali pakati, phee, ngati ilibe mlandu.
Ndinawalizira hutala.

Paipi yakale ili pansi pa mpando wanga,
waya wake akadali wopotedwa chammbuyo.
Nachisale akamatsuka galimoto Loweruka
amaitulutsa, amasesa,
amaibwezera pomwe anaipeza.